Kampango wa Agnesi ndi Miyala ya Achemwali Anga

Ana anga, inu mumandidziwa ngati mayi wokhalira kudandaula za mawondo ndi kukuletsani mafuta m'ndiwo. Lero ndikuuzani kumene khalidwe limeneli linachokera. Ndalemba m'Chichewa dala, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa inu muwerenga mododoma chifukwa Chiswahili chinakulandani lilime. Limbanani nacho. Za ubwana wanga ku Nkhotakota ndingotchula chimodzi, poti nkhani ino siyenda popanda icho. Amayi atamwalira, achemwali anga a Esnati, amene inu munkawadziwa kuti Mama Filipo, ndiwo ananditenga n'kuwoloka nane nyanja kudzakhala kuno ku Mbamba Bay kumene anakwatiwa. Sukulu yanga yonse inachokera m'chiwaya chawo chokazingira usipa, mpaka ndinavala diresi loyera la unamwino.

Lipingo, m'zaka za m'ma 1980

Ntchito ndinayambira pa kachipatala kakang'ono ka ku Lipingo, kamene kuno timati zahanati. Bwana wanga anali a Komba, mganga, ndiye kuti dokotala wake wa pamenepo, munthu wamfupi wa kumapiri a khofi amene ankaopa bwato kuposa njoka. Zinthu zinali zosowa. Majakisoni tinkachita kuwiritsa m'poto, thonje tinkaligawa ngati mchere wa pamaliro, ndipo mankhwala akatha tinkangotsala ndi manja ndi makutu. A Komba sankadandaula nazo kwenikweni. Ankati botolo likakhala lopanda kanthu m'pamene munthu amaphunzira kufunsa. Ine ndinali wothamanga magazi, wodwala asanamalize kunena ndatsegula kale kabati. Iwo ankandigwira dzanja n'kunena kuti, “Taratibu, pang'onopang'ono, nesi. Mufunse wadya chiyani, wadya liti, nanga ululu wayambira pati n'kulowera kuti.”

Chaka china, litangopita tsiku la Khirisimasi, kunabwera mayi wina wathupi, wa ana ambiri, atagwira m'mimba mbali ya kumanja. Anati ululu unamuyamba atadya nyama ya nkhumba, unakwera mpaka kumsana pansi pa phewa, ndipo anasanza. A Komba anatenga dzanja langa n'kuliika pansi pa nthiti za mayiyo kumanja, namuuza kuti akoke mpweya. Mayi uja anaudukiza mpweya pakati n'kubuula. Atatuluka, bwana anandifunsa ngati ndinatumbulapo nsomba. Ndinaseka, poti mwana woleredwa ndi Mama Filipo angafunsidwe zimenezo? Iwo anati, “Ndiye ndulu ukuidziwa, kathumba kowawa kaja kali pachiwindi. Munthu nayenso ali nako. Akadya zonona, kathumbako kamafinyika kuti kathire madzi ake m'matumbo. Mwa anthu ena madziwo amaundana n'kusanduka timiyala. Timatha kukhala phee zaka zambiri mwini wake osadziwa. Koma tsiku limene kamwala katseka pakhomo, ndi zimene waonazi.”

Ndinafunsa kuti anthu enawo ndi ati. Anandiuza kuti kawirikawiri ndi amayi kuposa abambo, makamaka amene abereka kambirimbiri, amene ali ndi thupi lalikulu, amene zaka zapitirira makumi anayi, odwala shuga, ndiponso amene kubanja kwawo vutoli lilipo kale. Kenaka anandiyang'ana mwachipongwe n'kunena kuti, “Dada wako wa usipa uja ndinamuona pamsika. Uzimuyang'anira.” Ndinakwiya tsiku lonse kuti andinyozera achemwali. Kwathu kunenepa kwa mayi ndi ulemu wa banja, ndipo a Esnati ankayenda nalo thupi lawo monyadira. A Komba anapita kale kumsonkhano wa makolo, koma ndimawathokozabe mpaka lero.

Lituhi, m'zaka za m'ma 1990

Nditakwatiwa ndi bambo anu, akuntchito ananditumiza ku Lituhi, kumpoto kwenikweni. Nthawi ya dzinja msewu unkafa, ndipo katundu wa chipatala ankadalira sitima. Kumeneko ndinaphunzira kuti zimene ananena a Komba si mpanda woti matenda sangaudumphe. Ndinaona mtsikana woonda ngati bango ali ndi miyala yomweyo chifukwa cha matenda a magazi obadwa nawo aja amene kuno amati selimundu, pa Chingerezi sickle cell. Ndinaonanso bambo wina amene anali wonenepa, n'kudziondetsa mwadzidzidzi ndi kusala kudya kwa masiku ambiri, ululu n'kumupeza. Kuonda mothamanga nakonso kumaumitsa ndulu.

Koma chimene chinandikhala pamtima ndi mayi wina amene anadwala atadya paukwati. Abale ake sanabwere naye msanga kwa ife. Anatha milungu akufufuza amene anamuthirira mankhwala m'mbale. Pamene ankafika naye, maso anali achikasu, thupi lili moto, ndipo msewu wopita kuchipatala chachikulu unali utaduka. Tinachita zimene tikanatha, koma anatisiya. Apo m'pamene ndinazindikira msampha wa matendawa kwa anthu ngati ife. Masiku wamba timadya kondowole ndi usipa wowiritsa. Zonona timadya kwa eni ake, paukwati, paubatizo, kapena kwa munthu amene akufuna kutilemekeza. Ndiye ululu umabwera utadya kwa mnzako, ndipo chala chimaloza wophika.

Mbamba Bay, m'zaka za m'ma 2000

Ndinabwerera kuno ndili mayi wamkulu, n'kumagwira ntchito pansi pa Mama Haule, mkulu wa anamwino, mayi wosaseka wamba koma wachilungamo. Achemwali anali atamwalirirwa mwamuna, ana asanu ndi atatu atakula, bizinesi ya usipa ikupita mpaka ku Mbinga. Mwana wawo woyamba, Filipo, anakwatira Agnesi, mtsikana wa ku Lipingo. Achemwali sanakondwe nazo kwenikweni. Ankafuna mtengwa wa kwathu, woti azimva akamamunena. Agnesi Chichewa ankangochitola apa ndi apo, ndiye poti pakamwa sankatha kuwasangalatsa apongozi ake, anaganiza zowasangalatsa ndi mphika. Lamlungu lililonse akawaitana, ankagula kampango wonona, n'kumukazinga m'mafuta osaumira, pambali pake mpunga wa pilau wonyezimira. Iye mwini ankadya zotsala.

Achemwali anadwala atadya kwa Agnesi. Patapita milungu anadwalanso atadya komweko. Kachitatu, mawu anatuluka: mtengwa akuthira sumu, ndiye kuti chiphe, kuti apongozi afe iye atenge bizinesi. Amayi a kwathu a kuno, amene timapemphera nawo limodzi, anaigwira nkhaniyo ndi manja awiri. Ndinapita kwa achemwali kukawauza kuti zizindikiro zawo ndi za miyala ya m'ndulu, ndipo apite kuchipatala chachikulu cha kumtunda akawaunike ndi makina. Anandiyankha kuti, “Iwe, sukulu ndinakulipirira ndine. Usandiphunzitse mimba yanga. Miyala ndinameza liti?”

Achimwene athu a Lameki, amene nawonso anali atasamukira kuno, monga mwini mbumba, anaitanitsa msonkhano wa banja. Zimene zikagamulidwe zinali zodziwika kale: Agnesi abwerere kwawo. Ndipo poti Filipo analowola monga mwa mwambo wa kuno, mwana wawo wamkazi, amene anali akuyamwabe, anali woti atsale.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene ndinkachidziwa ine ndi achemwali basi. Pa Pasaka chaka chomwecho anadya kwathu nyama ya nkhumba imene ndinaphika ndekha, ndipo anagubuduka ndi ululu womwewo pamkeka wanga. Utaleka anati anali malungo chabe, ndisauze munthu. Ndikanaulula zimenezo pamsonkhano, Agnesi akanapepukidwa. Koma ndikanawachititsa manyazi mayi amene anandilera, pamaso pa ana awo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinakafotokozera Mama Haule, ndipo iwo anandionetsa mbali ina imene sindinaiganize.

“Ukanena kuti anadwalira kwako,” anatero, “ena sadzamva kuti mtsikanayo ndi wosalakwa. Adzamva kuti nesi nayenso amathira. Iwe umagwira makiyi a kabati ya mankhwala. Ndani adzalandira piritsi m'manja mwako?”

“Ndiye ndikhale chete, Mama?”

“Sindinatero. Ndati udziwe mtengo wake. Ukalankhula, ine ndilipo.”

Msonkhano unachitika Lamlungu titaweruka kutchalitchi, pansi pa mtengo wa mango kwa a Lameki. Agnesi anakhala pansi kumapeto kwa mkeka, mwana ali pamiyendo, katundu wake atamangidwa kale m'chitenje. Filipo anangozolika. A Lameki anafotokoza mlandu, achemwali anawonjezera, ndipo Agnesi atafunsidwa anangoti, “Mama, ine ndimaphika kuti mukondwe. Sijui china,” kutanthauza kuti sadziwa china. Wina anaseka Chichewa chakecho. Kuseka kumeneko n'kumene kunandiimiritsa.

“Achimwene,” ndinatero, “ngati Agnesi akupita, mundimangire inenso katundu. Achemwali anadwala chimodzimodzi atadya kwathu pa Pasaka. Anaphika ndine. Agnesi kunalibe.”

Achemwali anandiyang'ana ndi maso amene sindidzawaiwala.

“Ukundivula pagulu, iwe mwana?”

“Ndikukuvulani kuti muone pamene pali chilonda, achemwali. Mwabereka kasanu n'katatu, thupi Mulungu anakupatsani, zaka zapita. Amayi athunso ankagwira mbali yomweyo. Mtsikanayu mlandu wake ndi mafuta. Akanakhala woumira, bwenzi lero mukumutcha mtengwa wabwino.”

A Lameki anakanda m'mutu nthawi yaitali. Iwo sanali munthu woipa, ankangoopa alongo awo monga tonsefe. Pomaliza anagamula kuti Agnesi asapite kwawo, koma asaphikirenso apongozi ake, ndipo akakhale kwa ine ndi mwana wake mpaka zoona zidziwike. Achemwali ananyamuka osatsanzika. Pochoka ananena mokweza kuti amene analera njoka asadabwe.

Zimene ananena Mama Haule zinachitikadi. Sabata yotsatira, amayi ena pamzere wa mankhwala ankapatsana malo kuti asafike pawindo langa. Wina analandira mapiritsi n'kukawafunsa kwa mnzanga ngati ali enieni. Mtima unandipweteka, ana anga, chifukwa ena mwa iwo ndinawabereketsa ndine. Mama Haule sanandichotse pawindopo. M'malo mwake, m'mawa uliwonse ankabwera pomwepo, anthu akuona, n'kunena kuti, “Nesi, nditsanulire tiyi wa m'fulasiki mwako.” Ankamwa ataimirira, pang'onopang'ono, kenaka n'kubwerera ku ofesi. Tiyi wanga sanali wokoma chotero, ndipo iwo anali ndi wawo. Pang'ono ndi pang'ono mzere unawongoka.

Kunyumba ndinali ndi Agnesi. M'masiku amenewo ndi pamene ndinamudziwa. Ankadzuka kusesa anthu asanadzuke, ndipo akamaphika ankandiitana kuti ndione chilichonse chimene akuthira mumphika. Ndinamuletsa, koma sanasiye. Tsiku lina, ponditchula kuti mayi aang'ono m'Chiswahili, anandifunsa kuti, “Mama mdogo, apongozi akafa asanapite kuchipatala, anthu adzati ndine?” Ndinalephera kumunamiza. Ndinangomuuza kuti tipemphere asafe.

Achemwali sanandilankhule mpaka mvula inayamba. Ndiye tsiku lina masana Filipo anafika kuntchito akuthamanga, thukuta lili kamukamu. Mayi ake anali atadzikazingira okha mazira ndi nsomba, m'chiwaya chawo, m'nyumba mwawo, popanda dzanja la munthu wina. Tsopano ululu sunkaleka, thupi linali litatentha. Nditafika ndinawatsegula chikope n'kuona chikasu chija ndinachiona ku Lituhi. Iwo anandigwira diresi n'kunena motsitsa kuti, “Nditengere kumakina ako aja.” Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mama Haule anatipezera galimoto tsiku lomwelo. Msewu wokwera ku Mbinga nthawi imeneyo sunali ngati wa lerowu. Galimoto inkaterereka m'matope, ndipo pa bampu iliyonse achemwali ankandifinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. Kuchipatala cha kumtunda anawaunika, ndipo dokotala, mnyamata waulemu kwambiri, anatembenuza makina kuti Filipo aone yekha timiyala tili mbuu m'kathumba. Anayamba awapatsa mankhwala kuti thupi lizizire ndi chikasu chitsike. Atapeza mphamvu anawachita opareshoni n'kuchotsa ndulu yonse, poti munthu amakhala bwinobwino popanda iyo. Anthu amenewo anandibwezera achemwali anga, ndipo ndilibe mawu okwanira owathokozera.

Atatsitsimuka, anawapatsa miyala yawo m'kabotolo. Inali ngati nthanga za papaya, ina yokulirapo. Anaigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkayembekezera kuti anena za Agnesi. Koma anafunsa zina.

“Unati amayi ankagwira mbali yomweyi?”

“Eya, achemwali.”

“Iwe unali mwana, sukumbuka bwino. Anamwalira maso ali achikasu. Tinati anawadyetsa ndi a Nabanda, mkazi wachiwiri wa bambo. Ine ndi amene ndinawaponyera mitondo yawo panja.” Misozi inkatsikira m'makutu poti anali chigonere. “Ndiye mayi uja tinangomuthamangitsa?”

Makina ounikira akufa kulibe, ndipo a Nabanda anali atamwalira kalekale. Ndinangowapukuta nkhope.

Tsiku limene tinabwerera ku Mbamba Bay, nyumba inadzaza. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi mabakuli, aliyense akufuna kuti chake ndicho chidyedwe. Achemwali anakana zonse. Anafunsa kuti mtengwa wawo ali kuti. Agnesi anali panja kuseri kwa khitchini, mwana kumsana, akuopa kulowa. Atamuitana anagwada pakhomo penipeni. Achemwali anatulutsa kabotolo kaja n'kukapereka kwa a Lameki kuti kayende m'manja mwa aliyense, ndipo katazungulira anati, “Sumu ija ndi imeneyo. Ndinaiphika ndekha m'mimba mwangamu.” Kenaka anatembenukira kwa Agnesi. “Mwanangu, ndili ndi njala. Kandiphikire phala. Usaitane munthu woti akuyang'anire.”

Agnesi anapita kukhitchini akulira, ndipo phala limenelo linali ndi mchere wambiri. Achemwali analimaliza lonse.

Mbamba Bay, lero

Ndinapuma ntchito ndili ndi ngongole ya chiyamiko imene sindingathe kubweza: kwa a Komba amene anandiphunzitsa kufunsa, kwa Mama Haule amene anamwa tiyi wanga, ndi kwa achemwali amene anandilera kawiri, poyamba ndi usipa, kachiwiri pondikhululukira. Nkhani ya pansi pa mango sanaitchulenso, kupatula tsiku limodzi pamene anandiuza kuti pakamwa panga n'pachabe koma sukulu sanataye ndalama.

Inu ana anga aakazi, magazi amenewa ndi anu. Agogo anu anali nawo ululuwo, mayi anu aakulu anali nawo, ndipo ena mwa inu ndikuona thupi layamba kubwera. Sindikuti muziope chakudya, kapena mudziondetse ndi njala, poti nazonso zimaitana miyala yomweyo. Chepetsani mafuta, yendani, ndipo mukamva kupweteka pansi pa nthiti kumanja mutadya zonona, pitani akakuunikeni. Maso akachita chikasu kapena thupi likatentha, musadikire kuti kuche kawiri. Koposa zonse, musayambe ndi kufunsa kuti anaphika ndani.

Mwana uja akanatsala wopanda mayi ndi Esnati wamng'ono, mwana wa mlongo wanu Filipo, amene pano ali ndi banja lake ku Mbinga. Achemwali anakhala zaka zambiri pambuyo pa opareshoni, akugulitsabe usipa ndi kulamulira tonse. Atakalamba n'kugwa mphasa, anasamukira kwa Filipo mwa kufuna kwawo. M'masiku awo omaliza chakudya chinkawavuta, ndipo ine, namwino wa zaka zonsezo, ndinakhala pambali pa bedi ndi mbale ya phala n'kuwanyengerera. Anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma. Ana awo anayesa, osatheka. Kenaka ananong'ona kuti, “Itanani Agnesi.”

Ndinamupatsa supuni n'kupatuka. Ndinachita nsanje, sindibisa, koma sindinamvepo nsanje yokoma ngati imeneyo.